Ndinali Wodwala Wachitsanzo pa Kalabu ya Shuga

1

Ine sindikhulupirira munthu. Ndiyambe ndi zimenezo kuti tisadzavutane kutsogolo. Sindikhulupirira sikelo ya ogula thonje, sindikhulupirira wolosera mvula pa wailesi, ndipo inu owerenga sindikukhulupiriraninso, chifukwa ndikudziwa kuti mukamaliza nkhaniyi mundiseka. Sekani. Ku Mnkhanya anaseka kale mpaka nthiti kuwawa, inu mwachedwa.

Ndili ndi zaka sikisite-firii. Sukulu ndinalekeza giredi folo. Mkazi wanga Margaret anandithawa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, anapita ndi dalaivala wonyamula alendo ku bwalo la ndege la Mfuwe. Mudzi wonse unkadziwa, wosadziwa ndinali ine ndekha, ndipo ankandipatsa moni m'mawa uliwonse mano ali pamtunda. Choncho ndinasamuka n'kukamanga kutali, cha kumalire ndi Msoro, kumene oyandikana nawo ndi anyani ndi njovu. Nyani amakubera chimanga uli kuona, sayamba wakufunsa kuti wadzuka bwanji.

Kumeneko ndinkakhala ndi akulu anga, bambo wofedwa mkazi, wodwaladwala, wokonda kudandaula. Tinali awiri basi, ndipo alendo sankabwera.

Chaka chatha mwezi wa Meyi, thonje litayamba kuphulika, ndinapalasa njinga makilomita twente kupita ku kiliniki. M'thumba munali buku la odwala. Buku lake ndi kope la ana asukulu lodulidwa pakati, pachikuto palembedwa kuti: Japhet Nyendwa, matenda a shuga, mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo. Analemba ndi adokotala a ku Chipata, n'kulamula kuti mankhwalawo azikatengedwa ku kiliniki yapafupi mwezi ndi mwezi.

Ndinapita kukatenga mapiritsi n'kubwerera. Sindinapite kukafuna mkazi. Zimenezo muzisunge.

2

Pa kiliniki imeneyo Lachinayi ndi tsiku la odwala shuga. Amakhala pa mabenchi pansi pa mtengo wa mango, nesi amawayeza, kenako amawaphunzitsa kusamala matenda awo. Okha amadzitcha Kalabu ya Shuga. Ndinaima patali ngati mwa chizolowezi changa.

"Muli bwanji, bambo? Senderani kuno, benchili sililuma."

Ndinacheuka. Anali mayi wa zaka ngati fifite, wa mpata pakati pa mano akutsogolo, duku lachikasu kumutu. Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi. Iye anayang'ana buku limene linali m'manja mwanga.

"Inunso ndi a shuga?"

Ndisanayankhe, mayi wina wonenepa dzina lake Esnati analowerera kuchokera kumapeto ena a benchi. "Samalani bambo, ameneyo ndi Lillian. Amuna atatu abwezedwa chaka chino chokha. Mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, ndi wina wa magitala."

"Ndinawabweza, ndipo ndidzabwezanso," anatero Lillian. "Mwamuna wanga woyamba anandisiya chifukwa cha tiyi wopanda shuga. Ankati m'nyumba mwathu mukununkha chipatala. Ndikagwa ndi chizungulire ankati ndikuthawa khasu. Ndinalumbira pamaso pa amalume anga: ngati ndidzakwatiwenso, akhale mwamuna wa shuga mnzanga, wodziwa ludzu lake la matendawa. Wathanzi ayi. Wathanzi amakumvera chisoni mwezi umodzi, wachiwiri watopa nawe."

Anatembenukiranso kwa ine n'kumwetulira, mpata uja poyera. "Ndiye ndafunsatu, bambo. Inunso ndi a shuga?"

Abale, mtima wanga umene ndinkati unauma ngati chikopa cha mvuu unagunda kuti di! di! di!

Nthawi yomweyo nesi anaitana pakhonde: "Japhet Nyendwa!"

Ndinadzambatuka mofulumira, benchi n'kupendekeka, Esnati n'kukhala pansi kuti khu! Kalabu yonse inafa ndi phwete, ndipo Lillian anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Zaka khumi ndi ziwiri mkazi asanasekepo chifukwa cha ine.

Nesiyo anali Sista Cathrine, mtsikana wamfupi, wa maso osaphethira msanga.

"Simunadye kanthu, a Nyendwa?"

"Ayi, sista."

Anandibaya chala, kadontho ka magazi n'kukaika pa kamakina. Anayang'ana, n'kuyang'ananso.

"Faivi poyinti sikisi! Anthu inu mwamva? Munthu asanadye timafuna nambala isapitirire seveni. Inu a Esnati mwatipatsa fotini lero. Awa faivi poyinti sikisi!"

Anandiombera m'manja. Ine, munthu amene sanaomberedwepo m'manja chibadwire.

3

Mankhwala amaperekedwa kamodzi pamwezi, koma maphunziro ndi Lachinayi lililonse. Ine sindinaphonye ngakhale limodzi. Ndinagula sopo wonunkhira. Ndinameta ndevu. Pa njinga ndinkaimba nyimbo za pa unyamata, ndipo tsiku lina nditakumana ndi njovu pa mtsinje wouma ndinaivulira chipewa n'kuifunsa za ana.

Akulu anga ankandiyang'ana ali pa mphasa. "Iwe, kuchipatala amapita atadzola mafuta kuyambira liti?"

"Akulu, za m'mutu mwanga zisiyeni."

"Munthu ukuimba. Mayi athu atakubereka sunalire n'komwe, unangoyang'ana azamba mokayikira. Lero ukuimba?"

Ku sukulu ndinali mbuli, koma pansi pa mango uja ndinasanduka katswiri, chifukwa woyankha bwino Lillian ankamuyang'ana. Sista akafunsa kuti mbale ya wodwala shuga izioneka bwanji, dzanja langa linali kale m'mwamba.

"Theka la mbale masamba, sista. Nsima isapose chibakera cha mwini wake. Kotsalako nyemba kapena nsomba."

"Nanga mapazi?"

"Kuwayang'ana madzulo aliwonse, pakati pa zala pomwe, chifukwa shuga amapha mitsempha, munthu amabayidwa ndi minga osamva. Osayenda opanda nsapato. Nsapato kuzikutumula usanavale. Kabala kakang'ono osakadikira, kubwera nako kuno."

"Munthu akayamba kunjenjemera ndi thukuta atamwa mankhwala osadya?"

"Shuga watsika kwambiri. Pamenepo pokha apatsidwe switi."

"Chibakera cha a Nyendwa n'chaching'ono," anadandaula Esnati. "Bwanji ine ndizibwereka cha mlamu wanga wosula makasu?"

Tikaweruka ndinkamukweza Lillian pa kaliyala mpaka pamsewu pamene amagulitsa tomato. Makilomita folo olowera kwina, koma miyendo sinkaimva. Tsiku lina atatsika ndinaona kamagazi pa patapata wake.

"A Lillian, khalani pansi."

Munali munga wa mthethe, utalowa theka, iye osamva chilichonse. Ndinauzula bwinobwino, n'kutsuka ndi madzi a m'botolo mwanga monga anatiphunzitsira. Sabata yotsatira ndinamubweretsera nsapato zotseka ndi kagalasi koonera kunsi kwa phazi. Amuna ena amapereka mafuta onunkhira, ine ndinapereka kagalasi ka mapazi, ndipo anakalandira ndi manja awiri.

"Wathanzi sakanauona munga uja," anatero. "Inu mwauona chifukwa nanunso mapazi amachita dzanzi. Si choncho?"

"Ee," ndinatero.

Ee ameneyo anatuluka mosavuta ngati mbewu ya papaya.

4

Mwezi wa Juni nambala yanga inali faivi poyinti folo. Julaye, faivi poyinti seveni. Mu Ogasiti Sista Cathrine anatuluka m'chipinda cha adokotala a pa kiliniki atanyamula buku lija, nkhope ikuwala.

"Kalabu, tamverani! Takambirana ndi adokotala. A Nyendwa shuga wawo wakhala bwino miyezi inayi yotsatizana. Tikuchepetsa mapiritsi: limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Ndiponso kuyambira lero azindithandiza kuphunzitsa odwala atsopano. Ameneyu ndiye wodwala wachitsanzo!"

Nthungululu zinamveka mpaka ku chipinda cha amayi oyembekezera. Ine ndinaimirira.

"Sista, musachepetse."

"Mwati bwanji?"

"Asiyeni momwemo, awiri ndi awiri. Ndawazolowera."

"Ha! Anzanu amalira kuti mapiritsi achuluka, inu mukulirira kuti achepa? Bambo, mankhwala si ndiwo. Timapereka molingana ndi magazi a munthu. Magazi anu akuti achepe."

"Magazi amanama, sista."

"Kamakina aka sikanama." Analemba m'buku, n'kusaina.

Mukudabwa kuti munthu akuchira n'kumakana? Dikirani, ndikuuzani. Ine ndinakhala miyezi ndisananene, inu mphindi zochepa sizikuphani.

Tsiku lomwelo, titafika pa tomato paja, Lillian sanatsike msanga pa kaliyala.

"A Nyendwa, amalume anga a Edmund amakhala kuseri kwa sukulu. Mvula isanagwe, mutumize munthu wanu akawaone."

Ndinabwerera kunyumba ndikupalasa ngati mnyamata wa zaka eyitini. Penapake ndinasiya chiwongolero n'kukweza manja onse m'mwamba, n'kugwera mu mchenga, n'kuseka ndili chagada. Kenako ndinakumbukira kapepala ka mapiritsi m'thumba, kopepuka ndi theka, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Mu Seputembala nambala inali faivi poyinti faivi. Sista anati, "Mwezi wamawa zikakhala chonchi, titsala ndi piritsi limodzi patsiku."

Pamenepo ndinaganiza kuti nambala imeneyi ndiikweze ndekha.

5

Tsiku loyeza la mu Okutobala ndinanyamula botolo la uchi ndi zitumbuwa zisanu. Nditafika ndinazemba n'kukabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinkanyika chitumbuwa mu uchi n'kumeza, kunyika n'kumeza, uchi ukuyenderera m'zala mpaka m'chigongono.

"Mayo ine! A Nyendwa!"

Lillian anali ataima pamenepo, manja kumutu.

"A Lillian, ndi mankhwala a chifuwa."

"Chifuwa cha zitumbuwa zisanu? Mukufuna kundisiya wamasiye tisanakwatirane n'komwe? Mukufuna maso achite khungu, impso zife? Inu amene mumatiphunzitsa!" Analanda botolo lija misozi ili m'maso. Munthu kundilirira ine. Ngakhale pamenepo, ndikuuzeni zoona, mtima wanga unavina.

Anandikokera kwa sista ngati mbuzi yolowa m'dimba la eni. Kalabu yonse inazungulira. Sista anandibaya chala.

"Nayintini."

"Eyaa!" ndinafuula ndisanadzigwire. "Mwaona, sista? Shuga wakwera! Bwezerani mapiritsi aja, awiri ndi awiri!"

"Munthu kusangalala ndi nayintini," anatero Esnati. "Shuga wafika ku ubongo."

Sista anagwira dzanja langa n'kulinunkhiza. Zala zinali kumatana.

"Pitani mukasambe m'manja ndi sopo. Kamakina kayeza uchi wa pachala, osati magazi."

Ndinasamba, ndinabwera, anabaya chala china.

"Seveni poyinti thuu."

Sista anandiyang'ana ndi maso ake osaphethira aja.

"Zitumbuwa zingati, a Lillian?"

"Zisanu, sista. Ndi uchi theka la botolo."

"Theka la botolo, n'kupeza seveni poyinti thuu. A Esnati atanyambita supuni imodzi tikhoza kuwanyamula pa machira." Anatseka buku pang'onopang'ono. "Thupi la a Nyendwa ndi lodabwitsa. Lero sindisintha mankhwala. Koma ife anesi tili ndi ntchito ina, yoyendera odwala kunyumba. Lachinayi likubwerali kalabu yonse ikupita kwa a Nyendwa. Tikaone khitchini yawo, tikaphunzire chinsinsi."

"Sista, n'kutali."

"Ndili ndi njinga yamoto."

"Panjira pali njovu."

"Inu mumadutsa bwanji?"

"Zimandidziwa."

"Mudzatiuze mayina awo, tidzazipatsa moni."

Lillian anandigwira mkono, mkwiyo utatha. "Inenso ndikufuna ndione khomo limene ndikalowe."

6

Sabata imeneyo ndinasesa bwalo katatu. Ndinazira khonde. Ndinabisa kachitini ka shuga m'nkhokwe. Chinatsala chinthu chimodzi chosabisika: akulu anga.

Anali ataonda, malaya akulendewera ngati pa msomali. Madzi ankamwa ndowa yathunthu patsiku, ndipo kuseri kwa nyumba ankapitako kosawerengeka. Pa chala chachikulu cha phazi lamanzere panali bala limene linayamba ngati kakang'ono mu Seputembala. Ndinkalitsuka ndi madzi owiritsa m'mawa ndi madzulo, ndinkawapimira nsima, ndinkawaphikira masamba. Zonse za m'maphunziro ndinkachita, kupatula chimodzi: kubwera nalo balalo ku kiliniki.

"Akulu, Lachinayi mukaswere ku dimba. Anyani avuta."

"Mu Okutobala muno? Dzuwa limeneli ngakhale buluzi akufuna mthunzi. Ndipo phazili ukuliona."

"Ndikunyamulani pa njinga. Pa msasa pali mthunzi. Ndikupatsani chigubu cha madzi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kukubwera mkazi."

"Alendo chabe."

"Ndiye ukuchita nane manyazi. Chabwino. Ine ndinakusenza kumsana pothawa madzi osefukira uli ndi zaka zinayi, lero ukundibisa ku anyani." Anaseka pang'ono. "Bola ukwatire, mwina nkhope imeneyo ingawongoke. Koma ukapitanso kuchipatala ukawauze kuti mapiritsi a masiku ano ndi aulesi. Poyamba ankagwira."

"Boma lachepetsa," ndinatero. "Kwa aliyense."

7

Anafika teni koloko, njinga zisanu ndi zinayi, sista patsogolo ndi njinga yamoto, Esnati atakwera kumbuyo kwake akukuwa pa bampu iliyonse. Lillian anavala duku latsopano. Anayendera bwalo, anagwira chitseko, anasuzumira m'khitchini.

"Shelefu iyi ndidzaitsitsa, ndine wamfupi," anandinong'oneza. Ndinamva ngati ndikuyenda pa thonje.

Ndinawaonetsa mbale yanga, dimba la masamba la pakhomo, mapira amene ndimasakaniza ndi chimanga. Ndinalankhula ngati nduna. Anthu ankagwedeza mitu. Sista yekha sankamvetsera. Ankayenda payekha, manja kumbuyo.

"A Nyendwa, mumakhala nokha?"

"Ndi akulu anga, koma achokapo."

"Bwerani kuno."

Anali kuseri kwa nyumba, akuloza pansi. Pamalo ponyowa panali nyerere zakuda bii, mzere wake kuchokera kutchire.

"Tinaphunzira chiyani za nyerere, mphunzitsi?"

"Zimatsata mkodzo wa munthu amene shuga wake wakwera kwambiri."

"Amakodza pano ndani?"

"Galu."

"Galu wake ali kuti?"

Nthawi yomweyo kunjira ya ku dimba kunamveka mawu osasa.

"Iwe! Madzi! Chigubu chako chatha kalekale, ukufuna ndifere kumeneko?"

Akulu anga ankabwera akutsimphina, ndodo kudzanja, nsanza ya kuphazi itadetsedwa ndi fumbi ndi mafinya. Ataona khamu la anthu anaima, n'kuvula chipewa.

"Pepani alendo. Mwaswera bwanji?"

Sista anatembenukira kwa ine. "Bambo Japhet, awa ndi ndani?"

"Ndine, mwana wanga," anayankha akulu anga. "Japhet ndine. Mwandidziwa bwanji?"

Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa.

"Nanga awa?" anafunsa sista, chala chili pa ine.

"Ameneyo ndi Onesmus, mng'ono wanga. Amanditengera mankhwala, popeza ine njinga sindingathe. Mwana wabwino, Lachinayi lililonse amapita."

Ndi zimenezo, owerenga. Dzina langa ndine Onesmus Nyendwa. Shuga ndilibe, sindinakhalepo naye. Buku linali la akulu anga. Tsiku loyamba lija ndinangotumidwa, ndipo mawu oti "ndabwera m'malo mwa wodwala" anali kale pa lilime. Koma mkazi wa duku lachikasu anali atangonena kuti wathanzi samufuna, ndipo ndinawameza. Sista ankayeza magazi anga n'kumachepetsa mankhwala a munthu wina. Ine ndinkalandira nthungululu, akulu anga n'kumalandira theka la mapiritsi. Ndinkadziwa tanthauzo la ludzu lawo, la kuonda kwawo, la bala lawo, kuposa aliyense m'chigwa muno, chifukwa ndinali wophunzira wanzeru kwambiri pa kalabu. Mwezi uliwonse ndinkati ndiulula ukatha ukwati.

Sista sanandiyang'anenso. Anakhazika akulu anga pa mpando, Esnati anathamangira madzi. Anawabaya chala.

"Twente-sikisi."

Anamasula nsanza ija. Amayi awiri anatembenuka kumbali. Chala chachikulu ndi chinzake zinali zitada.

"Tikupita ku kiliniki tsopano lino. A Lillian, kwerani kumbuyo kwawo muwagwire asagwe." Atakwera njinga yamoto anandiponyera mawu osacheuka. "Ndinakayika tsiku la uchi. Ndikanayenera kukayika mu Juni. Mbali imeneyo ndi yanga, ndikaiyankha ndekha. Yotsalayo ndi yanu."

8

Ambulansi inawatengera ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Anadula zala ziwiri. Adokotala anati tikanachedwa sabata ina likanapita phazi lonse.

Ndinagona pakhonde la wodi masiku khumi ndi anayi ndikuwadikirira. Akulu anga sananditukwane. Bola akanatukwana. Anangoti, "Ndiye boma silinachepetse?" Ndinati ayi. Anati, "Ndinalitukwana pachabe," n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lachitatu Lillian anabwera ndi nyemba ndi chigwada m'kabakuli. Ndinamuchingamira pakhomo.

"A Lillian, ndinachita chifukwa cha inu."

"Musandisenzetse zala za eni ake, bambo. Zanga zomwe ndikuzisamala movutikira." Sanakweze mawu. "Ndinkakuuzani za ludzu lodzutsa munthu kasanu, inu n'kumati ee. Ndinkakuuzani za mantha a khungu, inu ee. Munkamva chiyani pamene munkati ee?"

"Ndinkamva mawu anu."

"Mawu anga. Munthu akuwola phazi m'nyumba mwanu, inu mukumva mawu anga." Anandilambalala. "Ndabwera kudzaona wodwala wa kalabu yathu. Miyezi isanu ndi umodzi dzina lake timaliombera m'manja, mwini wake osalandira phunziro ngakhale limodzi."

Ndinasuzumira pawindo. Anakhala pambali pa bedi, akuwaonetsa chibakera ndi mbale. Akulu anga ananena kanthu kena, Lillian n'kuseka. Anabweranso Lachisanu. Anabweranso Lolemba. Akulu anga, munthu amene ndinkamudziwa ngati wodandaula, anakhala ndi nthabwala zimene sindinazimvepo zaka sikisite.

Atatuluka m'chipatala, mapiritsi atabwerera mwakale ndi jakisoni pamwamba, Lillian ankabwera kwathu kudzaona bala. Wopalasa njinga kukamutenga ndinali ine. Ankakhala pa kaliyala osandigwira m'chiuno, atagwira chitsulo.

9

Mu Epulo chaka chino, tikukolola mapira, akulu anga anandiitana pakhonde. Anali atanenepa, atameta, ndipo ndinamva fungo la sopo wanga.

"Onesmus, khala pansi. Ndikufuna kukwatira."

"Ndamva."

"Sunafunse kuti ndani."

"Sindine mwana."

"Mwambo ukuudziwa. Mwamuna sapita yekha kwa eni mbumba, amatuma nkhoswe. Atate anamwalira, amalume anamwalira. Wachibale wamwamuna amene ndatsala naye ndi iwe."

"Akulu, tumani nyani."

"Nyani sanandidule zala."

Ndinapita. Ndinavala jekete, ndinapalasa makilomita twente-folo, ndinagwada pa bwalo la a Edmund kuseri kwa sukulu. Nkhalambayo inali itaitana abale onse, ndipo kuseri kwa mpanda kunali Kalabu ya Shuga yathunthu, Esnati atapeza kale chitsa chokhalira.

"Mwabwera ndi mawu anji, bambo?" anafunsa a Edmund, ngati sakudziwa.

"Ndatumidwa ndi a Japhet Nyendwa. Aona mbeta pakhomo pano."

"Japhet uti? Tinamva kuti alipo awiri."

Kuseri kwa mpanda kunaphulika phwete.

"Alipo mmodzi. Wina uja anatha."

"Mwana wathuyu analumbira pamaso panga za mwamuna amene akufuna. Munthu wanuyo ali nazo zomuyenereza?"

"Ali nazo. Ndi wa shuga weniweni."

"Mukutsimikiza? Mwayeza chala chake, kapena chanu?"

Esnati anagwa pachitsa, kugwa kwake kwachiwiri chifukwa cha ine. Lillian anaitanidwa, anagwada, anafunsidwa ngati akumudziwa munthuyo. Anati akumudziwa. Kenako anandiyang'ana, kwa nthawi yoyamba chichokere kuchipatala, n'kumwetulira.

"Zikomo, alamu."

10

Owerenga, ukwati unachitika mu Juni. Anamanga nyumba yawo pafupi ndi kiliniki, ndipo Lachinayi amapita limodzi, aliyense ndi buku lake. Ine monga nkhoswe ndimaitanidwa akakangana. Mwezi watha anandiitana chifukwa akulu anga anabisa nzimbe kudenga. Ndinakhala pakati pawo n'kuwalangiza kuti banja ndi kupirirana. Ine.

Sista Cathrine sanandipititse kupolisi monga ndinkayembekezera. Anandipatsa chilango choposa pamenepo. Anayambitsa maphunziro a anthu osamalira odwala kunyumba, ndipo wophunzitsa ndine, chifukwa akuti palibe wina amene anamva maphunziro onse ngati ine. Lachiwiri lililonse ndimaima pansi pa mango, ndipo lamulo lake ndi loti ndiyambe ndi kufotokoza zimene ndinachita. Ndiponso masiku ano asanabaye munthu chala amayamba waona chitupa chake. Odwala amadandaula kuti mzere ukuchedwa, ndipo onse amadziwa wowachedwetsa.

Tsono inu amene muli ndi wodwala shuga, kapena wa magazi othamanga, kapena matenda ena aliwonse osachoka, ndimvereni ngakhale ndine munthu wosayenera kumveredwa. Nesi amachiza munthu amene wamuona. Mukamutengera buku lokha, achiza buku. Kutali kutalike, mukwezeni wodwalayo pa kaliyala, apite akabayidwe chala chake, akamve maphunziro ndi makutu ake. Ngati mwatumidwa, nenani pakhomo pomwe kuti mwatumidwa, musanakhale pa benchi, musanaone amene mwakhala naye.

Ine moyo wanga wonse ndinkalonda anthu kuti asandinamize. Ndinasamuka mudzi, ndinakana abwenzi, ndinakayikira mpaka sikelo. Wabodza amene anatipweteka pakhomo pathu ankagona pa mphasa yanga.

Musandimvere chisoni, sindichikhulupirira. Akulu anga amati mlandu unatha, ndipo akamanena amaseka, chifukwa iwo masamu ake amawakomera. Iwo ali ndi zala eyiti ndi mkazi. Ine ndili ndi zala teni.